John Tenniel: Diso Limodzi, Pensulo Yolimba ndi Zithunzi Zimene Zakana Kufa

Lachisanu lililonse dzuwa likamalowa, m'nyumba ina ya ku Maida Vale mumzinda wa London munkatuluka chipika cha mtengo chokutidwa bwino kuti chisafufutike. Pankhope pa chipikacho panali chithunzi cha pensulo chimene mwini nyumbayo anakhala akuchiweramira kuyambira m'mawa. Chinkapita kwa Joseph Swain ndi anyamata ake, akatswiri ogoba mitengo, ndipo iwo analibe nthawi yopuma chifukwa makina osindikizira ankawadikira. Pakangotha masiku ochepa, chithunzicho chinkakhala chili m'manja mwa anthu zikwizikwi, pa tsamba lathunthu la magazini ya Punch. Nduna zinkachiyang'ana ndi mtima uli m'mwamba, poopa kuti mwina sabata imeneyo nkhope imene yalowa m'chiwaya ndi yawo.

Mwini dzanjalo anali John Tenniel. Ku Punch anagwirako ntchito zaka 50, kuyambira kumapeto kwa 1850 mpaka Januwale 1901, ndipo makatuni ake a ndale anaposa 2,000. Komatu lero amene amamudziwa ambiri sadziwa n'limodzi lomwe la makatuniwo. Amamudziwa ndi zithunzi 92 za m'mabuku awiri a ana, Alice's Adventures in Wonderland ndi Through the Looking-Glass, ntchito imene ankaigwira pambali nthawi ikapezeka, ndipo buku lachiwirilo anayamba walikana. Kalulu woyera wovala jekete akuyang'ana wotchi, munthu wa chipewa chachitali chokhala ndi kapepala ka mtengo wake, mphaka woseka ali pa nthambi: zonsezi zinatuluka m'dzanja la munthu yemweyo amene Lachisanu ankajambula nduna zazikulu ndi mafumu a ku Ulaya.

Tenniel anabadwira ku Bayswater, ku London, pa 28 Febuluwale 1820. Bambo ake, a John Baptist Tenniel, ankaphunzitsa anthu kuvina ndi masewera omenyana ndi malupanga. Ndi masewera amenewa amene anamulanda diso. M'chaka cha 1840, akuyeserera ndi bambo akewo, kachitetezo ka kunsonga kwa lupanga la bambowo kanachoka ndipo nsongayo inamulasa diso lakumanja. Mnyamatayo sanafune kuti bambo ake adziimbe mlandu, choncho anabisa kukula kwa vutolo. Disolo linamka likufa pang'onopang'ono mpaka linasiyiratu kuona. Ndiye kuti chithunzi chilichonse chimene dziko limamudziwa nacho anachijambula ndi diso limodzi. Khalidwe lomweli la kusunga zinthu mumtima anakhala nalo moyo wake wonse. Mkazi wake, Julia Giani, amene anamukwatira mu 1854, anamwalira patangotha zaka ziwiri, ndipo Tenniel sanakwatirenso.

Za sukulu ya luso, anangolawako. Analowa ku sukulu ya Royal Academy koma kaphunzitsidwe ka kumeneko sikanamukhutiritse, ndiye anayamba kudziphunzitsa yekha. Ankapita ku British Museum kukajambula ziboliboli zakale, kumalo osungirako nyama kukaona mmene mkango umagonera ndi mmene umadzukira, ku Tower of London kukaphunzira zovala zachitsulo za ankhondo akale. Ankayang'anitsitsa chinthu, n'kuchisunga m'mutu, n'kukachijambula kunyumba. Atakula ananena yekha kuti sankagwiritsa ntchito munthu woima patsogolo pake kuti amujambule. Akafuna nkhope ya wandale ankatha kuyang'ana pa chithunzi cha kamera, koma thupi, zovala ndi kaimidwe zinkachokera m'chikumbumtima cha maso ake.

Maloto ake sanali a makatuni ayi. Ankafuna kukhala wojambula zithunzi zikuluzikulu za penti, za mbiri ndi zachipembedzo, zimene anthu a nthawi imeneyo ankazitenga kuti ndiye luso lenileni. Ali ndi zaka 16 chithunzi chake chinaonetsedwa kale pa chionetsero ku London. Nyumba ya Malamulo ya ku Westminster itapsa mu 1834 n'kumangidwanso, boma linachititsa mipikisano yofuna anthu okongoletsa makoma ake. Mu 1845 Tenniel anapereka chithunzi chake chosonyeza Chilungamo, analandira mapaundi 200, ndipo anapatsidwa khoma loti ajambulepo m'chigawo cha House of Lords, pamene anajambula Cecilia Woyera.

Pali kanthu kena koseketsa pa mipikisano imeneyi. Liwu loti katuni poyamba silinkatanthauza chithunzi choseketsa. Linali dzina la chithunzi chachikulu cha papepala chimene wojambula amayamba wakonza asanakwere pakhoma ndi penti. Mu 1843 boma linaonetsa zithunzi zotere za mpikisano woyamba, ndipo Punch, imene inali itangoyamba mu 1841, inanyoza chionetserocho ndi chithunzi cha John Leech chosonyeza amphawi ovala sanza akuyang'ana zithunzi zokongola m'malo mopatsidwa chakudya. Anachitcha katuni mwachipongwe, dzinalo n'kukanirira pomwepo. Choncho Tenniel anayamba ndi katuni ya tanthauzo lakale, n'kudzathera moyo wake wonse pa katuni ya tanthauzo latsopano.

Chimene chinamutsegulira khomo la Punch ndi nyama. Mu 1848 anajambula zithunzi za m'buku la nthano za Aesop, ndipo akuluakulu a magaziniyo anaona kuti mnyamatayu amadziwa kupatsa nkhandwe ndi mkango nkhope ya munthu popanda kuzichotsera unyama wake. Patapita zaka ziwiri mpata unapezeka. Papa Pius IX atakhazikitsanso mabishopu a Katolika ku England mu 1850, Punch inayamba kunyoza Akatolika sabata ndi sabata, ndipo wojambula wawo Richard Doyle, yemwe anali Mkatolika, anakwiya n'kusiya ntchito. Mkonzi Mark Lemon anaitana Tenniel kuti atseke dzenjelo. Katuni yake yoyamba ya ndale inali pa nkhani yomweyo imene inathamangitsa Doyle: nduna yaikulu Lord John Russell ikulimbana ndi Kadinala Wiseman, mkulu wa Akatolika ku England. Leech atamwalira mu 1864, udindo wa katuni yaikulu ya sabata unakhala wa Tenniel popanda wopikisana naye.

Kuti munthu amvetse zithunzi za Tenniel ayenera kudziwa mmene sabata yake inkayendera. Lachitatu madzulo alembi ndi ojambula a Punch ankakumana pa tebulo limodzi, kudya, kumwa, kenako n'kuyamba kukangana kuti katuni ya sabata ikhale ya chiyani. Mutu ndi mawu a pansi pa chithunzi zinkagwirizanidwa pamenepo. Tenniel sanali wolongolola pa tebulopo. Nthawi zambiri ganizo linkachokera kwa ena, iye n'kulitenga. Lachinayi ankalisinkhasinkha ndi kulemba mizere yoyeserera papepala. Lachisanu ankasamutsira chithunzicho pa chipika, ndi pensulo yolimba kwambiri ya 6H, yosongoka ngati singano.

Chipikacho chinali cha mtengo wolimba wotchedwa boxwood, wodulidwa mopingasa kuti wogoba azitha kuyendetsa chitsulo chake mbali iliyonse popanda mtengo kung'aluka. Poti mtengowu sukula thunthu lalikulu, chipika cha tsamba lathunthu chinkapangidwa polumikiza tizidutswa ndi mabawuti, ndipo nthawi ikachepa ankatha kumasula tizidutswato n'kugawana anthu angapo, wina mwendo, wina mtambo, kenako n'kumanganso. Wojambula ankayenera kujambula chithunzi chotembenuka, ngati cha pagalasi, chifukwa posindikiza kumanja kumapita kumanzere. Wogoba ankachotsa mtengo paliponse pamene payenera kukhala poyera, n'kusiya mizere ya pensulo itaima ngati timizere ta m'munda, kuti inki ikakhale pamwamba pake. Ganizirani tsono za mthunzi. Tenniel ankapanga mthunzi podutsanitsa mizere, ina chotere ina chotere, ndipo kampata kalikonse koyera ka pakati pa mizereyo kankayenera kukumbidwa pakokha. John Ruskin, wolemba nkhani za luso, anawerengapo timipata ta pa kachigawo kakang'ono ka katuni imodzi ya Tenniel n'kupeza toposa 1,000, ndipo anadandaula kuti imeneyi ndi ntchito yotha anthu maso. Pakalakwika, panalibe chofufutira: ankaboola pamalopo, kukhomerapo kamtengo kena, n'kugobanso.

Zotsatira zake n'zakuti chithunzi chenicheni cha Tenniel chinkafa tsiku lomwe chabadwa. Chitsulo cha wogoba chinkadya pensulo yonse. Chimene owerenga ankaona ndi dzanja la Tenniel litadutsa m'dzanja la munthu wina. Iye ankalemekeza Swain, koma ananena yekha kuti magazini ikafika kunyumba sankalimba mtima kuitsegula; ankasiyira mchemwali wake kuti ayambe waona, kenako iye n'kusuzumira, n'kumva kuwawa kwake kwa sabata imeneyo. Ine ndimaona kuti kuuma kumene anthu ena amakudandaula m'zithunzi zake, anthu oima ngati ziboliboli ndi mizere yosaphonya, mbali ina kunachokera pomwepa. Munthu amene akudziwa kuti mzere wake ukadutsa pa mpeni wa wina sajambula mwachisawawa.

Nanga ankajambula chiyani? Leech anali munthu wa nthabwala za m'misewu ndi m'makomo. Tenniel anabweretsa ulemu wa zithunzi za pakhoma zija. Dziko la Britain ankalijambula ngati mkazi wamtali wovala chisoti chankhondo, Britannia, kapena ngati mkango, kapenanso ngati John Bull, bambo wonenepa wa nsapato zazitali. Russia inali chimbalangondo. Zizindikirozi sanaziyambitse ndi iye, koma anazibwereza kwa zaka 50 mpaka zinakhazikika m'maso mwa anthu, moti ojambula makatuni a m'maiko ambiri anazitengera. Benjamin Disraeli ndi William Gladstone, amene ankasinthana mpando wa nduna yaikulu, anthu ambiri a ku Britain sanawaonepo ndi maso. Ankawadziwa mmene Tenniel anawajambulira.

Katuni yake yotchuka koposa inatuluka mu Malichi 1890, ndipo mutu wake ndi Dropping the Pilot, kutanthauza kutsitsa wotsogolera sitima. Mfumu yachinyamata ya Germany, Wilhelm II, inali itangokakamiza Otto von Bismarck kutula pansi udindo, munthu amene anagwirizanitsa dzikolo n'kuliyendetsa kwa zaka pafupifupi 20. Pa chithunzipo pali mbali ya sitima yapamadzi. Bismarck, atavala ngati munthu wodziwa njira amene amatsogolera sitima potuluka padoko, akutsika makwerero, dzanja lina litagwira khoma la sitimayo. Pamwamba, mfumuyo yatsamira m'mphepete, chisoti chaufumu kumutu, ikungomuyang'ana. Palibe amene wakokedwa mphuno kapena kukulitsidwa mimba. Palibe choseketsa n'chimodzi chomwe. Koma aliyense woona amadzifunsa yekha kuti sitimayi ikupita kuti popanda mkuluyu. Ojambula ena akhala akubwereza chithunzichi kosawerengeka, kungosintha nkhope, nthawi iliyonse mtsogoleri wamkulu akachotsedwa.

Kuthamangira nthawi kunawagwetsapo m'manyazi. Kumayambiriro kwa Febuluwale 1885 Punch inatulutsa katuni ya Tenniel yosonyeza Charles Gordon, mkulu wa asilikali wa ku Britain, akulandira asilikali obwera kudzamupulumutsa ku Khartoum, ku Sudan, ndi mutu wachisangalalo woti At Last! (Pomaliza pake!) Chipikacho chinagobedwa uthenga usanafike. Zoona zake zinali zakuti mzindawo unali utagwa kale pa 26 Januwale m'manja mwa ankhondo a Mahdi, mtsogoleri wachisilamu wa ku Sudan, Gordon ataphedwa. Sabata yotsatira Tenniel anajambula Britannia atabisa nkhope ndi mkono, mutu wake Too Late! (Mwachedwa!)

Palinso mbali ya ntchito yake imene siyenera kudumphidwa ngakhale kuti okonda Alice safuna kuimva. Mu 1857, asilikali ndi anthu a ku India ataukira ulamuliro wa Angerezi, Tenniel anajambula mkango wa Britain ukulumphira kambuku wa ku Bengal amene waima pa mayi ndi mwana wake. Chithunzichi chinamutchukitsa kwambiri, ndipo uthenga wake unali umodzi: kubwezera. Patapita masabata ochepa anajambula Chilungamo ngati mkazi wa lupanga akupondaponda mitembo ya anthu a ku India. Munthu amene anayamba ntchito ndi chithunzi cha Chilungamo cha pa mpikisano wa Nyumba ya Malamulo anafika pochigwiritsa ntchito motero. Anthu a ku Ireland omenyera ufulu wawo ankawajambula ndi chibwano chotuluka ndi mphumi yobwerera m'mbuyo, ngati anyani. Mu 1882, akuluakulu awiri a boma ataphedwa ku Phoenix Park mumzinda wa Dublin, anajambula chilombo chonyamula mpeni chitaima pamwamba pa Charles Stewart Parnell, mtsogoleri wa ndale wa ku Ireland, kutanthauza kuti mtsogoleriyo walenga chinthu chimene sangachigwire. Pa nkhondo yapachiweniweni ya ku America ankamujambula pulezidenti Abraham Lincoln monyoza, ndipo Lincoln ataphedwa mu 1865 Punch inachita kubweza mawu, Tenniel n'kujambula Britannia akuika nkhata ya maluwa pa maliro ake.

Iye ankati ndale zake amazisunga mumtima ndipo pagulu amangonena za magazini. Chodzikhululukira chimenechi sichindikhutiritsa. Ganizo likhoza kukhala la pa tebulo la Lachitatu, koma chibwano cha nyani chija anachisankha ndi pensulo yake. Ndipo chinkapweteka kwambiri chifukwa cha luso lomwelo limene timamutamanda nalo. Wojambula wosadziwa akajambula munthu ngati nyani, woona amaseka n'kuiwala. Tenniel ankajambula mosamala, mafupa ali m'malo mwake, mthunzi uli pamene uyenera kukhala, moti bodza linkaoneka ngati chinthu chimene wina anachiona ndi maso.

Luso lomweli ndi limene Charles Dodgson ankalifuna. Dodgson anali mphunzitsi wa masamu ku Christ Church, ku Oxford, ndipo polemba ankadzitcha Lewis Carroll. Nthano imene anasimbira ana a banja la Liddell ali m'bwato pa 4 Julayi 1862 anailemba pamanja n'kuijambulira yekha zithunzi, koma atafuna kuisindikiza anazindikira kuti dzanja lake silingafike. Kumayambiriro kwa 1864 anakumana ndi Tenniel kudzera mwa Tom Taylor, mmodzi wa alembi a Punch, ndipo mu Epulo chaka chomwecho Tenniel anavomera. Pa nthawiyo wotchuka anali wojambulayo. Carroll anali munthu wosadziwika amene ankalipira zonse kuchokera m'thumba mwake, ngakhale kuti bukulo linkatuluka m'dzina la kampani ya Macmillan. Pa zithunzi 42 za buku loyamba Tenniel analandira mapaundi 138. Ogoba zipika anali abale a banja la Dalziel, ndipo kuti zipikazo zisathe ndi makina, anaumba makope ake a mkuwa n'kusindikizira amenewo.

Awiriwa anakumana okhaokha osalola kanthu kupita kosakonzeka. Carroll ankafuna kuti Tenniel ajambule Alice poyang'ana mwana weniweni. Tenniel anayankha kuti safunikira zimenezo, monga mmene Carroll safunikira tebulo la kuchulukitsa manambala akamasova samu. Carroll anadandaulapo kuti n'chifukwa chake pa zithunzi zina mutu wa Alice ndi waukulu ndipo mapazi ndi aang'ono. Alice wa Tenniel safanana n'komwe ndi Alice Liddell, mmodzi wa ana a m'bwato aja, amene anali ndi tsitsi lakuda lalifupi. Uyu ali ndi tsitsi lalitali lowala ndi nkhope yosaseka, ya mwana amene akuona akuluakulu akuchita zopusa koma waphunzitsidwa ulemu.

Mkangano waukulu unabuka bukulo litasindikizidwa kale. Pakati pa chaka cha 1865 makina a ku Oxford anatulutsa makope 2,000. Tenniel ataona mmene zithunzi zake zatulukira, anakana. Carroll, ngakhale kuti ndalama zinali zake, anamvera: anaitanitsa makope amene anali atagawira kale anzake, ntchito yonse n'kuipereka kwa wosindikiza wina, Richard Clay wa ku London. Buku latsopano linatuluka chakumapeto kwa 1865 koma lolembedwa chaka cha 1866. Mapepala okanidwa aja sanatayidwe. Anagulitsidwa kwa kampani ya Appleton ya ku New York, imene inawasoka n'kuwagulitsa ku America. Mwa makope oyambirira aja otsala lero ndi ongopitirira 20 pang'ono, ndipo ali m'gulu la mabuku odula kwambiri a m'zaka za m'ma 1800.

Tsegulani bukulo muone chimene Tenniel anachita. Nthano ya Carroll ndi maloto, zinthu zosatheka zotsatizana, ndipo wolembayo safotokoza kwambiri maonekedwe a anthu ake. Pena amachita kuuza wowerenga kuti ngati sakudziwa chilombo chakutichakuti, ayang'ane pa chithunzi. Wojambula wina akanati poti nkhaniyi ndi yamisala, mizerenso ipenge. Tenniel anachita zosiyana. Kalulu woyera uja ndi kalulu weniweni, miyendo yakumbuyo, ndevu, makutu, zonse zili monga mmene kalulu alili, kungoti wavala jekete ndipo ali ndi nkhawa ya munthu wochedwa ku ntchito. Kapepala ka pa chipewa cha wogulitsa zipewa kakuti 10/6, masheleni 10 ndi mapeni 6, mtengo wa m'sitolo weniweni pamutu pa munthu wosokonezeka. Kamba wabodza, chimodzi mwa zilombo zimene Alice amakumana nazo, anamupatsa mutu, ziboda zakumbuyo ndi mchira wa mwana wa ng'ombe, chifukwa supu imene Angerezi ankaitcha ya kamba wabodza inkaphikidwa ndi mutu wa mwana wa ng'ombe. Mayi wolemekezeka wa nkhope yoipa wa m'nthanoyi, Duchess, amafanana kwambiri ndi nkhalamba ya pa chithunzi cha Quentin Matsys cha m'zaka za m'ma 1500. Maloto ameneyu anawamanga ndi zipangizo za masana, ndiye chifukwa chake mwana amawakhulupirira.

Ankaganiziranso za tsamba lenilenilo. Mphaka woseka ali pa nthambi pa tsamba lina. Mukatembenuza, pamalo omwewo pa tsamba lotsatira pali nthambi yomweyo, mphaka akuzimiririka, kumwetulira kokha kutatsala. M'buku lachiwiri, Alice akukwera pa shelefu ya pamwamba pa moto n'kulowa m'galasi; kuseri kwa pepala lomwelo akutulukira mbali inayo, chipinda chonse chitatembenuka, wotchi ili ndi nkhope yoseka, ndipo ngakhale zilembo za dzina la Tenniel zatembenuka. Pepalalo lasanduka galasi. Wowerenga akalitembenuza ndiye kuti wamulowetsa yekha Alice.

Buku lachiwirili linavuta kubadwa. Tenniel anakana, ati ntchito yamuchulukira. Carroll anayesa ena, kuphatikizapo Richard Doyle yemwe uja ndi Noel Paton, koma sizinatheke, mpaka Tenniel anavomera kuti azijambula nthawi ikamupeza. Linatuluka mu Disembala 1871 ndi zithunzi 50. Apa mawu a wojambula analemera kuposa poyamba. Mu Juni 1870 analembera Carroll kuti chigawo china chokhudza mavu ovala wigi sichikumusangalatsa ndipo sakuona mmene angachijambulire, Carroll anachichotsa. Chinasowa kwa zaka zoposa 100, mpaka mapepala ake anatulukira pa malonda a Sotheby's mu 1974 n'kusindikizidwa mu 1977. Chilombo cha Jabberwock, cha mano ngati a mbewa, mapiko a mleme ndi kajekete ka mabatani, chinayenera kukhala pa tsamba loyamba, koma Carroll anaopa kuti chiopseza ana. Anafunsa amayi pafupifupi 30, ndipo chinasunthidwira mkati; kutsogolo kunapita msilikali woyera wokalamba wa pa hatchi, amene ndevu zake anthu ambiri amati ndi za Tenniel mwini. Enanso amaona nkhope ya Disraeli pa munthu wovala mapepala wa m'sitima yapamtunda. Kaya anachita dala kaya ayi, dzanja limene lajambula munthu mmodzi Lachisanu lililonse kwa zaka zambiri silimuiwala msanga.

Atamaliza bukuli, Tenniel anati mphamvu yojambula zithunzi za m'mabuku yamuchokera, ndipo kuchokera pamenepo sanachitenso zambiri za mtunduwu. Anangobwererako pang'ono pa The Nursery Alice ya 1890, buku la ana aang'ono lokhala ndi zithunzi zake 20 zokulitsidwa ndi kupakidwa mitundu.

Mu 1893 Mfumukazi Victoria inamupatsa ulemu wa Sir, ndipo anali woyamba mwa ojambula makatuni kuulandira. Ntchito imene poyamba inkaoneka ngati ya anthu olephera penti inakhala ntchito yoti munthu angaitchule pagulu. Amene anamulowa m'malo ku Punch, Linley Sambourne kenako Bernard Partridge, anapitiriza njira yake ya Britannia ndi mikango kwa zaka zambiri, mpaka ojambula ngati David Low anabwera ndi mizere yothamanga ndi nthabwala zoluma zimene zinachititsa kalembedwe kakaleko kuoneka kokalamba. Kugoba mitengo nakonso kunatha, kamera itayamba kusamutsira chithunzi pa chitsulo mwachindunji. Punch yeniyeniyo inatsekedwa mu 1992, inayesa kudzuka mu 1996, n'kufa kachiwiri mu 2002. Makatuni a Tenniel lero amapezeka kwambiri m'mabuku a mbiri, ndipo ambiri amafuna ndime yonse yofotokoza kuti wowerenga adziwe amene akunyozedwa.

Alice yekha ndiye safuna kufotokozedwa. Umwini wa buku loyamba utatha ku Britain mu 1907, osindikiza anathamangira kutulutsa makope awo ndi ojambula atsopano, ndipo wotchuka mwa iwo anali Arthur Rackham. Pambuyo pake anayesa Mervyn Peake, Tove Jansson, Ralph Steadman, ngakhale Salvador Dalí mu 1969. Ena mwa iwo anachita zokongola kwambiri, koma aliyense ankayamba ndi funso loti atsatire Tenniel kapena amuthawe, ndipo owerenga ankawayeza ndi muyeso womwewo. Filimu ya Disney ya 1951 inafewetsa mizere n'kuthira mitundu yowala, koma diresi ndi epuloni ya Alice, chipewa chija ndi 10/6 yake, zonse n'zochokera kwa Tenniel. Ngakhale kansalu kogwira tsitsi kamene Alice wavala m'buku lachiwiri kanatenga dzina lake, ndipo Angerezi mpaka lero amakatcha Alice band.

Atapuma ntchito mu 1901, anzake anamukonzera phwando lalikulu mu Juni chaka chomwecho, ndipo wapampando anali Arthur Balfour, amene chaka chotsatira anakhala nduna yaikulu. Akuluakulu analankhula, anamutamanda, kenako inakwana nthawi yoti mwini phwando ayankhe. Tenniel anaimirira, ananena mawu ochepa, mawu n'kumuthera. Anangokhala pansi, anthu n'kumuombera m'manja. Diso lotsala lija nalonso linamka likufooka ndi ukalamba mpaka anasiya kuona. Anamwalira pa 25 Febuluwale 1914, kutatsala masiku atatu kuti akwanitse zaka 94, ndipo phulusa lake linaikidwa ku manda a Kensal Green. Patangotha miyezi yosakwana 6, Britain inalowa m'nkhondo ndi Germany ya Wilhelm II, mfumu ija anaijambula itatsamira m'mphepete mwa sitima.

Zipika za Alice zinaiwalika kwa nthawi yaitali. Zinadzapezeka m'zaka za m'ma 1980, zili m'mabokosi a kampani ya Macmillan m'chipinda chosungiramo chuma cha banki ina, ndipo poti makina ankadya makope a mkuwa aja, mitengoyo inali isanaperepeseke. Tsopano zimasungidwa ku British Library. Pa zipikazo chilichonse chili chotembenuka: dzina la Dalziel limawerengeka chobwerera m'mbuyo pakona, pafupi ndi zilembo ziwiri zolukana za J ndi T.